Uchi wa a Khukhi ndi Phazi la Telala

Kunali bambo wina kumunsi kwa phiri, kudera lija la minda ya tiyi. Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi anthu ochepa. Aliyense ankangoti a Khukhi, chifukwa zaka zawo zamphamvu zonse anazithera m'khitchini ya nyumba ya akuluakulu a esiteti, akuphika, akutsuka, akukolopa. Msana utayamba kudandaula anapuma ntchito, nakakhala kumudzi kwa akazi awo, amake Esinala, pafupi ndi kamsika kena ka m'mbali mwa msewu wafumbi.

Chuma sanabwere nacho. Anabwera ndi mapoto awiri, mpeni umodzi wakuthwa, ndi manja odziwa zinthu.

Pakhomo pa a Khukhi panalibe chotayidwa. Phulusa la pamoto ankalisefa bwinobwino n'kulisunga m'chitini. Lina linali lokwechera mapoto, lina lothira mu nyemba kuti anankafumbwe asalowemo, lina lowaza m'chimbudzi kuti ntchentche zisowe pokhala. Ndimu akalifinya, khoko lake ankaliviika mumchere n'kupukutira beseni mpaka lizichita waliwali. Makoko a chinanazi ankawatsekera m'botolo la madzi, pakapita milungu ingapo n'kutulukamo viniga wotsukira mawindo. Tsiku lopha ng'ombe kumsika ankakapempha mafuta aja ogulitsa nyama amataya. Ankawasungunula, kuwasefa pa kansalu, kuwasakaniza ndi kositiki mosamala kwambiri, n'kuthira m'kabokosi ka matabwa. Sopo ameneyo ankamusiya mwezi wathunthu osamukhudza.

"Sopo wosakhwima amaluma," ankatero. "Musiyeni agone."

Nanga nyengo ya mango! Anthu ena mango ankangowaponda m'njira, koma kwa a Khukhi mphasa zinkadzaza ndi mango aawisi oduladula, othira mchere, akuuma padzuwa kuti akhale achali. Magwafa ankasanduka jamu. Mapapaya ankasanduka jamu. Nkhwani ndi khwanya, amake Esinala ankazifutsa n'kuziyanika, ndipo mwezi wa Okutobala, pamene ena ankasowa ndiwo, iwo ankangotapa mfutso, kuthira nsinjiro, basi banja ladya. Nyumba yawo inali yaing'ono, koma ukalowamo unkamva fungo la ndimu. Pashelefu mabotolo anali ndandanda, ofiira, achikasu, obiriwira, ndipo awiriwo akakhala pakhonde masana ankaoneka ngati anthu amene dziko lawakwanira.

Sanali omana. Mayi akabwera kudzafunsa kuti, "Kodi jamu wanga bwanji akuchita nkhungu?" a Khukhi ankadzuka n'kumuonetsa kuwiritsa botolo lisanathiridwe kanthu. Wofuna kuphunzira sopo ankamuphunzitsa, nzeru yonse, osabisako kachidutswa.

Ankadziwanso tina ndi tina ta chimfine. Jinja wosinja, ndimu, uchi pang'ono, madzi otentha. Masamba a bulugamu owiritsa, munthu n'kufunda bulangeti kuti nthunzi imutsegule mphuno. Madzi ofunda a mchere ochukucha pakhosi. Izi ankangochitira anthu mwachifundo, ndipo poyamba ankanena mosabisa kuti, "Ichi n'cha chimfine basi. Musayembekeze zambiri."

Tsono chaka china, nyengo yozizira, chimfine chinasesa mudzi wonse. Nyumba iliyonse kunali kutsokomola. Anthu anayamba kufika kwa a Khukhi m'mawa uliwonse, aliyense ndi kapu yake, ndipo ambiri anapeza bwino. Mayi wina kumjigo, potamanda, anati, "Iii, amene aja si a Khukhinso ayi. Ndi a Dokotala." Anzake anaseka, koma dzinalo linamera mizu. Pofika kumapeto kwa mwezi, ngakhale ogulitsa tomato kumsika ankati, "Mwadzuka bwanji, a Dokotala?"

A Khukhi ankakweza dzanja ngati akukana. "Aaa, musatero, ine ndine wophika chabe." Pakamwa pankatero, koma mumtima dzinalo linkatsekemera. Abale anga, tisawaweruze msanga. Munthu amene wakhala zaka makumi atatu akuitanidwa ndi belu, akulowera khomo lakuseri, lero anthu akumuvulira chipewa pamsewu, mtima wake ungapande kukondwa? Tsiku lina anatsegula sutikesi, natulutsa jekete lawo loyera la kukhitchini. Analichapa, kulisita, ndipo anthu akabwera ndi zodandaula ankayamba alivala. Anaikanso benchi pansi pa mtengo wa mapeyala kuti odikira azikhalapo.

A Khukhi anali ndi bwenzi lapamtima, a Mandawala, telala wa pakhonde la sitolo ina pamsikapo. Anali bambo wamasiye, woseketsa, wokonda kuimba nyimbo za kwaya uku akupalasa makina. Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi, awiriwa ankakhala pa bawo mpaka dzuwa kupendeka, akunyozana ngati ana.

Tsiku lina a Mandawala anafika akutsimphina. Pokonza mpanda wa bafa anali ataponda msomali.

"Achimwene, taonani kanthu aka," anatero, akuvula nsapato. "Sikakupweteka n'komwe, koma kakukana kuuma."

Kanali kachilonda kakang'ono kunsi kwa chala chachikulu cha phazi lamanja, phazi lomwe ankapalasira makina. A Khukhi anawiritsa madzi, nathiramo mchere, natsuka bwinobwino. Anapakapo uchi, namanga ndi kansalu koyera kowiritsa.

"Sabata imodzi, muiwala kuti munaponda kanthu," anatero.

M'mawa uliwonse, asanapite kumsika, a Mandawala ankadzera kwa mnzawo. Kumasula, kutsuka, kupaka uchi, kumanga. Akatha, a Khukhi ankawapatsa tiyi wa jinja wothira uchi wambiri, ndi chigumu chopaka jamu wa magwafa mochindikala, popeza telalayo masiku amenewo ankangodandaula njala ndi ludzu. Akafika pamsika ankauza aliyense wobwera kudzasoketsa kuti, "Ine chipatala changa chili pompano. A Dokotala anga sandiimika pamzere."

Sabata inatha. Ina inathanso. Chilonda sichinapole.

A Khukhi anasintha uchi, natenga wa ku phiri. Anayesa alovera. Anawonjezera mchere. Pamwamba pankaoneka ngati pakuuma, koma phazi linayamba kutupa, ndipo kansalu akakamasula kankatuluka ndi fungo limene mphuno ya wophika singalakwitse. Analimva fungolo, koma anadziuza kuti ndi kutentha kwa nsapato.

Amene anayankhula ndi amake Esinala. Anali mayi wofatsa, wosachulutsa mawu. Tsiku limenelo ankayanika nkhwani pamphasa, amuna awo akudula sopo.

"Abambo ake Esinala, phazi la a Mandawala mukuliona bwanji?"

"Likupola. Pamwamba pauma kale."

"Pamwamba," anatero mayiwo, osadzutsa mutu. "Nkhuyunso imakoma pamwamba. Ine ndikuona munthu akumwa makapu atatu a madzi asanakhale n'komwe pansi. Thalauza lawo lamangidwa ndi chingwe, lamba wasiya kugwira. Akakhala pang'ono, adzuka, apite kuseri. Zimenezo n'za msomali?"

A Khukhi anaika mpeni pansi.

"Kodi udokotala mwauyamba liti, amake Esinala?"

"Ine sindinauyambe," anayankha mofatsa. "Nanga inu munauyamba liti?"

Nkhuku inkapalasa pafupi ndi mphasa. A Khukhi anatola mpeni napitiriza kudula sopo, koma zidutswa zinatuluka zokhota, zina zazikulu, zina zazing'ono, chinthu chimene sichinachitikepo m'manja mwawo.

M'mawa mwake a Mandawala anafika monga mwa masiku onse, akuimba. Pabenchi panali amayi awiri odikira zachimfine, wina wa iwo ndi uja anayambitsa dzina kumjigo. A Khukhi anagwada, namasula kansalu. Chala chachikulu chinali chitayamba kuda kunsonga. Kufiira kunali kutakwera kudutsa pa kakolo. Anachitsina chalacho mwamphamvu ndi zikhadabo, akuyang'ana nkhope ya mnzawo. A Mandawala anangopitiriza kucheza ndi amayi aja. Sanamve kanthu.

Pamenepo a Khukhi anakumbukira mlonda wina wa ku esiteti, zaka zambiri zapitazo. Nayenso anayamba ndi kachilonda kosapweteka. Nayenso ankati kapola mawa. Anadzabwera kudzatsanzika ntchito ali pa ndodo ziwiri, mwendo wa thalauza umodzi utapindidwa pa bondo.

Botolo la uchi linali m'manja. Chivindikiro chinali chotsegula kale. Kunali kosavuta, abale, kosavuta kwambiri: kupaka, kumanga, kunena kuti tionana mawa. Amayi aja akanapita kwawo akutamanda. Mnzawo akanapita kumsika akuimba. Dzina likanakhalabe. Ndipo mtima unayambadi kunong'oneza kuti, mwina tsiku limodzi lokha, mwina uchi watsopanowu ukufuna nthawi.

A Khukhi anatseka maso kanthawi, ali chigwadire. Pemphero lawo silinali lalitali. Anangoti mumtima, Ambuye, ndichotseni manyazi. Kenaka anatseka botolo naliika pansi.

"Achimwene," anatero, "apa nzeru zanga zathera."

A Mandawala anasiya kuseka. "Mukuti bwanji?"

"Ndikuti ichi sindichidziwa. Ine ndine wophika. Ndimadziwa sopo, ndimadziwa jamu, ndimadziwa kutsegula mphuno ya munthu wachimfine. Phazi ili landiposa. Linandiposa kalekale, sabata yatha ija ndinali nditaona, koma ndinachita manyazi kunena. Mundikhululukire. Tiyeni kuchipatala lero lomwe."

Amayi a pabenchi anayang'anana. Wina anakoka mpango wake, nayang'ana pansi.

"Kuchipatala?" A Mandawala mawu anakwera. "Inu, achimwene, mukudziwa bwino. Kuchipatala ndinapita ndi mkazi wanga, ndinabwerako ndekha. Ndiye lero mukunditumiza komweko? Sukulu zikutsegulira sabata yamawa, mayunifomu a ana a eni ake ali mulu pamakina. Pakani uchiwo ndizipita."

"Sindipaka."

"Mwanditaya, eti?"

"Ndikapaka m'pamene ndikutayeni."

A Mandawala anakwiya. Anamanga okha kansalu mokhotakhota, navala nsapato, natuluka pa geti akutsimphina, osatsanzika. Amayi aja nawonso ananyamuka mwakachetechete, makapu ali opanda kanthu.

A Khukhi anaima pabwalo, manja ali lende. Amake Esinala anatuluka m'nyumba, sananene kuti ndinakuuzani. Anangowavula jekete loyera lija, nawapatsa malaya awo a kutchalitchi ndi chipewa.

"Alondoleni," anatero. "Munthu wamantha samusiya yekha."

Anawapeza pakhonde la sitolo, atakhala pamakina, nkhope ili ndwii. A Khukhi anakoka kampando, nakhala pambali pawo. Sanalalikire, sanakakamize. Anangoti, "Ine ndikhala pano mpaka mudzuke." Anthu ankadutsa n'kupereka moni, "A Dokotala, lero muli kuno?" ndipo aliyense ankamuyankha chimodzimodzi: "Musanditchule choncho. Ndalephera phazi la mnzanga, ndikufuna kupita naye kwa odziwa." Pofika chakumasana msika wonse unali utamva.

A Mandawala anayesa kusoka. Anaika nsalu, naponda chopalasira. Makina anathamanga pamene samafuna, naima pamene samafuna, chifukwa phazi silinkamva chimene likuponda. Msoko unakhota. Anausula, nayambiranso. Unakhotanso. Kachitatu anangosiya, nayang'ana phazi lawo nthawi yaitali. Atayankhula, mawu anali a munthu wina, ang'onoang'ono.

"Mukakandisiya kumeneko, ndani adzandipatse madzi? Ana anga ali kutali."

"Ndani wanena zokusiyani? Gadiyani wanu ndine. Mukagona pabedi, ine ndigona pansi. Kapena mwaiwala kuti ndimadziwa kuphika?"

Telala anapukuta m'maso ndi kachigamba ka yunifomu. Anavindikira makina, nauza mwini sitolo kuti awayang'anire, ndipo awiriwo anakwera minibasi yopita ku boma.

Kuchipatala anadikira pamzere monga aliyense. Namwino atamva za ludzu ndi kuwonda, anabaya chala cha kudzanja natenga kadontho ka magazi. Posakhalitsa anaitana dokotala, mayi wachichepere ndithu, wamsinkhu wa Esinala, mwana wa a Khukhi. Iye anayang'ana phazi, nayang'ana pepala.

"Bambo, muli ndi matenda a shuga. Ndi amene akuletsa chilondachi kupola, ndiponso ndi amene aphetsa phazi kuti lisamve. Mukanachedwa sabata ina imodzi, tikanakamba za mwendo wonse. Lero tikukamba za chala chimodzi. Ndani amakutsukani?"

A Khukhi anakweza dzanja pang'onopang'ono, ngati mwana wa sukulu amene waswa zenera.

"Mumatsuka mwaukhondo, agogo, zikuoneka," anatero dokotalayo. "Koma vuto lili m'magazi. Chopaka pamwamba sichifika kumeneko. Nanga amadya chiyani masiku ano?"

Anayankha ndi a Khukhi. "Tiyi wa uchi. Ndi jamu. M'mawa uliwonse. Ndimawapatsa ndine."

Dokotala anangogwira pakamwa. Koma a Mandawala, ali chigonere pa kabedi, anayamba kuseka, kuseka kwenikweni, mpaka misozi.

"Amayi, musawakalipire. Jamu ameneyo mukanamulawa, nanunso mukanadwala mokondwa."

A Khukhi sanathe kuseka. Anatuluka panja, nakhala pa khonde la wodi, chipewa chili m'manja. Anaganiza za makapu onse aja a uchi amene anapereka ndi chikondi chonse, osadziwa kuti akuthira mafuta pamoto. Analira pang'ono, munthu wamkulu. Kenaka anathokoza Mulungu kuti n'chala chokha, nadzuka kukafunsa kumene magadiyani amaphikira.

Anakhala kumeneko milungu iwiri ndi masiku. Kukhitchini ya magadiyani kunali amayi okhaokha, ndipo tsiku loyamba ankawaseka bambo wachikulire akukoleza moto. Tsiku lachitatu anasiya kuseka, chifukwa poto wa a Khukhi ndi amene ankawala kuposa onse, ndipo anayamba kuwazungulira kuti aone m'mene phulusa ndi khoko la ndimu zimachotsera mwaye. Namwino anawalembera zimene wodwala shuga ayenera kudya ndi zimene ayenera kupewa, ndipo a Khukhi analisunga pepalalo m'thumba la malaya, akuliwerenga mobwerezabwereza. Pa ukalamba wawo anakhalanso wophunzira, ndipo zinawakomera. Ankafunsa chilichonse. Kodi mgaiwa? Kodi mbatata? Kodi nthochi yakupsa? Anamwino anayamba kuwazolowera, akamadutsa n'kumati, "Agogo a mafunso aja ali kuti lero?"

Chala anachotsadi. Phazi linatsala. Kutupa kunaphwa, chilonda chinayamba kutseka kuchokera m'kati, ndipo tsiku lina m'mawa a Mandawala anayambanso kuimba nyimbo zawo za kwaya, odwala a mabedi oyandikana n'kumavomereza.

Atabwerera kumudzi anapeza nkhani itawatsogolera. Ena pamsika ankanong'onezana kuti, "Udokotala uja unathera pa chala cha telala." Ena anasiyiratu kubwera pakhomo. Dzina lija linafota lokha ngati therere la dzulo, ndipo anthu anabwerera ku dzina lakale. Tsiku loyamba zinawawa, tisaname. Koma patapita masiku a Khukhi anazindikira kuti akudzuka m'mawa mtima uli mbee. Panalibenso choti ateteze. Munthu akawafunsa chinthu chimene sakuchidziwa, ankangoti sindikudziwa, ndipo thambo silinkagwa.

Sanasiye ntchito ya manja awo. Sopo ankapangabe. Mango atapsanso, mphasa zinadzaza monga kale. Wachimfine akabwera ankamusinjirabe jinja, koma tsopano ankayamba ndi mafunso. "Wayamba liti? Thupi likutentha? Mwanayu akuyamwa?" Akamva kuti thupi likutentha, kapena kuti masiku apitapo angapo, ankati, "Ichi si changa. Pitani akakuyezeni, lero, osati mawa." Ndipo wowiringula ankamuperekeza mpaka pokwerera minibasi. Mayi uja wa kumjigo anadzabwera tsiku lina ndi mwana wakhanda wotentha thupi, a Khukhi n'kumubweza pa geti pomwepo kuti athamangire kuchipatala. Anakapeza kuti ndi malungo, ndipo mwanayo anachira. Mayiyo pobwera anangotula dengu la mandimu pakhonde.

A Mandawala anabwerera pamakina. Anaphunzira kupalasa ndi chidendene, ndipo mayunifomu aja, ngakhale anachedwa, anasokedwa onse. Mankhwala awo ankakatenga mwezi ndi mwezi osaphonya. Kwa mnzawo ankadzerabe m'mawa, koma tsopano ankalandira madzi a ndimu opanda shuga, ndipo masana amake Esinala ankawatumizira kambale ka mfutso wotendera. Ankadandaula mwanthabwala kuti ubwenzi wasiya kutsekemera, koma kambaleko kankabwerera kopanda kanthu. Akulu awiriwo anakalamba limodzi, wina ndi zala zisanu ndi zinayi za kumapazi, wina wopanda dzina laulemu, onse awiri okhutira.

Abale ndi alongo mwa Ambuye, fanizo langa ndi limenelo. Tsopano timve tanthauzo lake.

Mulungu anapatsa aliyense wa ife kanthu m'manja. Palibe amene anabwera padziko chimanjamanja. Wina amadziwa kutonthoza wolira. Wina amadziwa kulangiza banja. Wina amadziwa kupempherera odwala, wina kuphunzitsa ana, wina kungomvetsera munthu akamakhuthula za kukhosi. Zimenezi ndi zabwino, ndipo musazipeputse. Phulusa limatsukadi poto. Jinja amatseguladi pakhosi. Chimene Mulungu anakupatsani chimagwira ntchito, chigwiritseni mokondwa, ndipo musamane nacho anzanu.

Koma mphatso iliyonse ili ndi malire ake, monga munda uli ndi malire. Tchimo la a Khukhi silinali kupaka uchi. Tsiku loyamba lija anachita bwino, anachita mwachikondi. Tchimo linalowa tsiku limene maso anaona kuti zalephereka, koma pakamwa n'kumati zikuyenda. Kuyambira tsiku limenelo sankasamalanso phazi la mnzawo. Ankasamala dzina lawo, ndipo amene ankalipira ndi thupi lake anali mnzawo.

Ndikufunseni, inu akulu a mpingo, inu amayi a chigwirizano, inu makolo, ngakhalenso ine amene ndaima pano. Ndani amene takhala tikumumanga kansalu m'mawa uliwonse, tikudziwa mumtima kuti chilonda chake chatiposa? Mwina ndi mwana wanu amene walowerera mowa, ndipo mukubisa kuti anthu angati munalera bwanji. Mwina ndi banja limene mukuliweruza chaka chachitatu tsopano, mayi akubwera ndi mabala, inu n'kumangoti pirirani. Mwina ndi wodwala amene mukumupempherera, ndipo mukuopa kuti mukati pitani kuchipatala anthu ati chikhulupiriro chanu n'chochepa. Pempherani, inde, musaleke. Koma mukatha kupemphera mudzuke mumuperekeze. Mulungu amene anaika uchi mu njuchi ndi yemweyo anaika nzeru mwa dokotala. Sapikisana ndi mphatso zake.

Ndipo pali chilonda china chimene palibe mmodzi wa ife angachipoletse. Chili m'kati, m'mtima wa munthu, kumene malangizo athu safika, kumene ulaliki wanga pawokha sufika. Chimenecho ali nacho mphamvu ndi Ambuye Yesu yekha. Ife tonse, abusa, akatekisiti, akulu, ndife operekeza chabe. Ntchito yathu si kuti anthu atamande ife. Ntchito yathu ndi kuti munthu akafike kwa Iye mwendo usanadulidwe.

Choncho musaope mawu aja akuti, apa nzeru zanga zathera. Si mawu a munthu wogonja. Ndi mawu a munthu amene wakonda mnzake kuposa ulemu wake. Koma musawanene n'kutembenuka kupita kwanu. Mukawanena, kokani kampando, khalani pambali pake mpaka mantha ake atsike, kenaka mugwireni dzanja muyende naye ulendo wonse.

Sabata ino, aliyense aganize za munthu mmodzi. Mukumudziwa kale, nkhope yake yabwera m'maganizo mwanu pamene ndimayankhula. Musadikire Lamlungu lina. Pitani mukamuuze zoona, ndipo mukamuperekeze.

Tiyeni tiweramitse mitu, tipemphere.